FODYA WA M'KAMWA NAYE NDI FODYA

Munthu wosuta ndudu sabisika. Utsi umamuulula ali patali, fungo limamutsata mpaka m'minibasi, ndipo akatsokomola usiku a nyumba yoyandikana nayo amamva. Kaamba ka ichi, anthu a ku Ndirande akamakamba za kuipa kwa fodya, zala zonse zimaloza bambo wa ndudu kapena wa chingambwe. Komatu alipo fodya wina amene safuna machesi ndipo satulutsa utsi, kotero kuti mwini wake angathe kukhala naye pamsonkhano, pamzere wotunga madzi, ngakhale pabenchi ya kusikelo, popanda womuzindikira. Ameneyu ndi fodya wovumata, uja amatsina pang'ono ndi kumuika kuseri kwa mlomo kapena m'tsaya, pamodzi ndi mbale wake wofwenkha m'mphuno. Ku Chitipa alipo wa mtundu womwewu wotchedwa ngirimbo. Fodya ameneyu wakhala akudya anthu mwakachetechete, ndipo nthawi yakwana yoti atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito m'Boma amutchule dzina poyera.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa amuna 100 aliwonse a zaka za pakati pa 25 ndi 64, pafupifupi 26 ankasuta, pamene mwa amayi 100 osuta anali 3 okha. Wowerenga mothamanga anganene kuti amayi a m'Malawi alibe mangawa ndi fodya. Koma ofufuza omwewo atafunsa za fodya wopanda utsi, zinthu zinatembenuka: amayi ndiwo anachuluka kuposa amuna. Chifukwa chake nchosavuta kuchimvetsa. Mayi woyatsa ndudu pagulu amanenedwa, koma mayi wovumata palibe amamuona, ndipo akamuona amati ndi zachikulu. Motero mayi wogulitsa masamba mumsika wa Ndirande, amene amadzuka kusanache kukapikula katundu, amapeza m'kachitini kake chomuchotsera tulo ndi chomuiwalitsa njala. Mlonda wochezera pa mafakitale a ku Makata, amene saloledwa kuyatsa moto pafupi ndi katundu wa abwana, naye amathawira komweko.

Nkofunika kuvomereza kuti fodya ameneyu ali ndi mizu yozama pa chikhalidwe cha anthu. Makolo ankapatsana fodya monga chizindikiro cha ubale. Ankamutsina pamaliro ndi pabwalo la milandu, ndipo analowa ngakhale m'miyambi, monga uja woti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ambiri amakhulupiriranso kuti ndi mankhwala a dzino likamawawa, kapena a mutu ndi chimfine. Chikhulupiriro chotere si cha ku Malawi kokha. Jean Nicot, kazembe wa dziko la France ku Portugal, anatumiza fodya kwa mafumu a kwawo cha m'ma 1560 akumutama kuti ndi mankhwala, ndipo dzina loti nikotini linachokera kwa iyeyo. Azungu anakhala zaka mazana ambiri asanazindikire kuti ananamizidwa. Choncho palibe chifukwa chonyozera agogo a ku Goliyo kapena a ku Malabada ngati kuti iwo okha ndiwo osadziwa. Chofunika ndi kuwauza zimene zadziwika tsopano, mwaulemu koma mosabisa.

Nikotini ndi poizoni amene mbewu ya fodya imapanga podziteteza ku tizilombo; nchifukwa chake alimi ena amaviika masamba a fodya m'madzi ndi kuwaza pa ndiwo zamasamba kuti nsabwe zife. Poizoni ameneyu amalowa m'thupi ngakhale kudzera pakhungu. Lipoti la bungwe la Plan International la m'chaka cha 2009 linanena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi angathe kulowetsa pakhungu pawo nikotini wofanana ndi wa m'ndudu 50 pa tsiku limodzi la chinyezi. Tsono ngati khungu la padzanja, lolimba ndi khasu, limalowetsa motere, nanga bwanji khungu lofewa la m'kamwa? Opera fodya amadziwa bwino kuti tsamba lokha silikhala laukali, ndipo amathiramo phulusa, chidulo kapena soda. Zimenezi sizokometsera chabe ayi. Ntchito yake ndi kumasula nikotini kuti adutse msanga m'nkhama ndi kulowa m'magazi. Akatswiri a ku America anayeza napeza kuti munthu wosunga fodya m'kamwa kwa mphindi 30 amalandira nikotini wofanana ndi wa m'ndudu 3 kapena 4. Ameneyo ndi fodya wa kufakitale, woyezedwa. Wopera pakhomo alibe muyeso, ndipo ukali wake umadalira dzanja la wopera tsiku limenelo.

Nikotini akafika m'bongo amabweretsa kamtendere ndi kamphamvu ka kanthawi. Koma pakapita maora 2 theka lake limakhala litatha m'magazi, ndipo thupi limayamba kupempha wina. Ichi ndicho chibaba. Wovumata amaganiza kuti fodya akumuchotsera nkhawa, pamene nkhawa yambiri imene akuichotsayo ndi yomwe fodya yemweyo wabweretsa.

Kuvulaza kwenikweni kumachokera kwa anzake a nikotini amene ali m'tsambamo. M'fodya wopanda utsi mwapezeka zinthu zosachepera 28 zoyambitsa khansa, ndipo nthambi ya WHO yofufuza za khansa, imene ili ku Lyon m'dziko la France, inagamula kuti fodya wotere amayambitsa khansa ya m'kamwa ndi ya kum'mero. Mawu awa ayenera kumveka mwapadera m'Malawi, pakuti dziko lino lili m'gulu la maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka koposa pa dziko lonse. Fodya sindiye yekha wochititsa. Mowa ulimo, ndipo madokotala akufufuzanso za zakumwa zotentha kwambiri ndi utsi wa nkhuni. Koma mwa zonsezi, fodya ndiye chimodzi chimene munthu angathe kuchitaya lero lomwe. Amene anadwazikapo matenda amenewa ku chipatala cha Gulupu amadziwa mayendedwe ake: poyamba nsima imakana kutsika, kenaka phala, pomalizira ngakhale madzi. Ambiri amafika kuchipatala mochedwa, pamene chotsala ndi kuchepetsa ululu, ntchito imene a kiliniki ya Tiyanjane akhala akugwira ku Gulupu ndi ku Ndirande komwe. Kwa zaka zambiri odwala ofunika kuwotcha khansa ndi makina ankatumizidwa kunja, ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, ndipo Boma linkalipira ndalama zankhaninkhani pa anthu owerengeka.

Khansa isanafike pamakhala zizindikiro zina zimene mwini angathe kuziona pagalasi. Nkhama zimafwifwa ndi kubwerera m'mbuyo, mizu ya mano imaonekera, ndipo pamalo pamene fodya amakhala pamatuluka chigamba choyera chosachoka ndi mswachi. Zigamba zambiri zotere zimapola pakapita masabata ochepa munthu akaleka fodya. Chigamba kapena chilonda chimene chatha masabata 3 osapola chiyenera kuonedwa ndi dokotala mosazengereza, osati kuikidwanso fodya ati kuti chiphwe. Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno, pakuti maphunziro awo a ukachenjede anangoyamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine mu Blantyre. Kotero dzino lopulumuka poleka fodya ndi phindu kwa mwini ndiponso kwa mzere wautali wa kuchipatala. Kwa mayi woyembekezera nkhani ndi yaikulu koposa. Nikotini amafinya mitsempha yopititsa magazi kwa mwana, ndipo kafukufuku wa ku India ndi ku Sweden anasonyeza kuti amayi ogwiritsa ntchito fodya wopanda utsi amachulukirapo kubereka masiku asanakwane, ngakhale kupititsa padera kumene.

Pano ena adzafunsa kuti: kodi nkwanzeru kunyoza fodya m'dziko limene fodya ndiye akulidyetsa? Funso ili si lachibwana. Fodya woyamba wa malonda anatumizidwa kunja kuchokera m'dziko muno m'chaka cha 1893, kampani ya Imperial Tobacco inamanga fakitale yake ku Limbe mu 1908, ndipo kufikira lero mbewu imeneyi imabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja zogulira mafuta, feteleza ndi mankhwala. Mabanja ambiri a mu Blantyre analeredwa ndi malipiro a ku okushoni ya ku Limbe. Koma ndalama zimenezi zimachokera ku mabelo opita kunja. Sizichokera m'kachitini ka mayi wa ku Chinseu. Mayi ameneyu akaleka kuvumata, mlimi wa ku Kasungu sataya tambala ndi imodzi yomwe, pamene chipatala chimapulumutsa bedi. Ndiponso dziko lino linalankhula kale. M'mwezi wa Ogasiti 2023 Malawi anavomereza pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya, limene linayamba kugwira ntchito pa dziko lonse mu 2005. Ndime 14 ya panganoli imalamula maboma kuthandiza anthu ofuna kuleka fodya, ndipo ndime 17 imanena zopezera alimi ndi ogulitsa njira zina zopezera ndalama. Wogwira ntchito m'Boma amene alimbikitsa anthu kuleka fodya sakulimbana ndi chuma cha dziko. Akukwaniritsa chimene dziko lake linasayina.

Tsono kuleka kumatheka bwanji? Poyamba munthu ayenera kudziwa mdani amene akukumana naye, pakuti ambiri amagonja chifukwa choganiza kuti mavuto a masiku oyamba ndiwo adzakhale moyo wawo wonse. Chibaba chimayamba patangopita maora ochepa. Chimafika pachimake pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, pamene munthu amapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, tulo timasowa, mutu umawawa, m'mimba mumauma ndipo maganizo sakhazikika pa ntchito. Kuchokera pamenepo chimayamba kuzilala, ndipo kwa anthu ambiri mavuto a m'thupi amakhala atachepa kwambiri pakatha masabata 3 kapena 4. Chinanso choyenera kudziwa nchakuti chibaba sichikhala tsiku lonse. Chimabwera ngati kamvuluvulu, chimazunguza kwa mphindi zowerengeka, kenaka chimapita, kaya munthu wavumata kaya sanavumate. Amene wapirira mphindi zimenezo kamodzi waphunzira kuti angathe kupiriranso.

Nkwabwino kusankha tsiku lenileni, losatalikira, ndi kuliuza a pabanja ndi anzake a pantchito. Usiku wa tsikulo lisanafike, fodya yense atayidwe m'chimbudzi pamodzi ndi kachitini kake, osasunga ndi pang'ono pomwe kumphepete kwa chitenje kapena m'thumba la jekete ati podzitetezera. Fodya wosungidwa podzitetezera ndiye amagwetsa. Pakuti m'kamwa munazolowera kukhala ndi kanthu, mufunika kupatsidwa ntchito ina: mtedza, chimanga chokazinga, nzimbe, malambe kapena chingamu, monga mano angalolere, ndi madzi akumwa pafupipafupi. Munthu adziwenso nthawi zake zoopsa. Kwa wina ndi atangotha kudya, kwa wina ndi m'bandakucha asanasenze dengu, kwa mlonda ndi pakati pa usiku. Pa nthawi zimenezo asinthe kachitidwe: akatha kudya adzuke msanga akatsuke m'kamwa, ndipo mlonda ayende kuzungulira mpanda m'malo mokhala pampando. Ndalama imene inkapita ku fodya, ngakhale ichepe bwanji, iikidwe padera tsiku ndi tsiku kapena ipite ku banki m'khonde, kuti maso aone chimene chapulumuka.

A pabanja ali ndi gawo lawo. Mayi amene waleka fodya dzana akakalipa popanda chifukwa, ana ndi bambo asafulumire kunena kuti bola akanangovumata kuti pakhomo pakhale bata. Mawu amenewa, onenedwa moseka, abweza anthu ambiri ku kachitini. Ukali umenewo ndi wa masiku owerengeka.

Komabe kuleka ndi kwina, kukhala osabwerera ndi kwinanso, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Thupi limaiwala nikotini m'masabata, koma chizolowezi chimakumbukira kwa miyezi ndi zaka. Munthu amene watha miyezi 3 osavumata amapita kukagona pamaliro ku Safarao. Kunja kukuzizira, tulo tikuvuta, ndipo mnzake wakale amutambasulira dzanja. Kukana kumaoneka ngati kudzikweza. Iye amati kamodzi kokha sikangachite kanthu, ndipo pofika sabata yamawa wagula wakewake. Wina amagwa pa mowa, pakuti kachasu ndi fodya ndi mapasa. Wina amagwa tsiku la mkangano, kapena tsiku limene a khonsolo amulanda katundu. Wanzeru amakonzeratu yankho asanafike pamalo otere, lalifupi ndi laulemu, monga lakuti zikomo, ndinaleka, a dokotala anandiletsa. Pamaliro akhale ndi mtedza wake m'thumba, ndipo ayandikire oimba nyimbo m'malo mwa otsinirana fodya.

Amene wagwa asadziyese wotayika. Ochita kafukufuku m'maiko ambiri amagwirizana kuti oleka fodya ochuluka amayesa kangapo asanapambane. Chofunika ndi kutaya wotsalayo tsiku lomwelo, kufunsa chimene chamugwetsa, ndi kuyambanso osadikira chaka chatsopano.

Msampha wina ndi wosinthitsa fodya ndi fodya mnzake. Alipo amene amaleka ndudu nayamba kuvumata, nadzitama kuti anasiya kusuta. Kunena zoona mapapo ake apuma, ndipo ana ake sakupumanso utsi, koma ngozi wangoisamutsira m'kamwa ndi kum'mero. Woleka kuvumata nayamba ndudu ndiye wachoka pa mvula nalowa m'dziwe. Masiku ano kwabweranso ndudu zamagetsi ndi timatumba toyera ta nikotini toika kuseri kwa mlomo, zimene makampani a fodya akutsatsa m'maiko ambiri, makamaka kwa achinyamata ndi a m'maofesi. Zinthu zimenezi zilibe poizoni wochuluka ngati wa mu utsi, koma zimasunga chibaba chili chamoyo, ndipo tsiku limene ndalama yogulira idzasowe, mwini wake adzabwerera ku fodya wotchipa wa pamsika. Zisasokonezedwe ndi mankhwala enieni othandiza kuleka. Chingamu ndi zomata pakhungu zokhala ndi nikotini woyezedwa zimaperekedwa mochepetsa pang'onopang'ono kwa miyezi 2 kapena 3, cholinga chake chili choti munthu atsirize alibe nikotini konse. M'mwezi wa Julaye 2024 bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake oyamba a kathandizidwe ka ofuna kuleka fodya wa mtundu uliwonse, ndipo linavomereza mankhwala amenewa pamodzi ndi mapiritsi a varenicline, bupropion ndi cytisine, likunenetsa kuti amagwira bwino ntchito akaphatikizidwa ndi uphungu. Kwa mayi wogulitsa tomato, kugula mankhwala otere ku famase ndi loto. Amene amakonza ndondomeko ya mankhwala a m'zipatala za Boma ayenera kuganizira zimenezi, pakuti mtengo wa miyezi 3 ya chingamu sungafanane ndi mtengo wosamalira wodwala khansa mmodzi.

Uphungu sufuna ndalama zakunja. Malangizo omwewo amanena kuti mawu a wachipatala a mphindi 3 kapena zocheperapo, onenedwa kwa wodwala aliyense, amawonjezera chiwerengero cha oleka. Apampando a nthambi ndi a madera, mafumu a m'tauni, makomiti a msika ndi alangizi a zaumoyo amakumana ndi anthu sabata ndi sabata, ndipo mutu umodzi susenza denga. Koma mtsogoleri amene akufuna kulankhula za nkhaniyi ayambe wapisa m'thumba lake lomwe. Anthu a ku Ndirande sachedwa kuona tsaya lotupa la wolankhula. Asapitenso kukathamangitsa amayi ogulitsa fodya wopera ndi kuwatayira malonda. Ambiri mwa iwo ndi okalamba olera adzukulu, ndipo kuwalanda popanda kuwapezera mpamba wa malonda ena kungosamutsira fodyayo kuseri kwa nyumba, kumene ana ndiwo amatumidwa kukagula. Choyenera kuletsedwa mosanyengerera ndi chimenecho, kutuma mwana kukagula fodya kapena kumugulitsa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene a Unduna wa Zaumoyo ndi a ofesi ya zaumoyo ya boma la Blantyre angathe kukakonza popanda kudikira bajeti. Wodwala akafika kuchipatala, funso lozolowereka ndi lakuti: kodi mumasuta fodya? Mayi wovumata amayankha kuti ayi, ndipo sananame, pakuti pa Chichewa kusuta ndi kwa utsi. Wachipatala amalemba m'buku kuti fodya palibe, mayi amabwerera kwawo ndi kachitini kake, ndipo mwayi wa mphindi 3 uja watayika. Funsolo liyenera kukhala la mbali zitatu: kodi mumasuta, mumafwenkha kapena mumavumata? Lifunsidwe kusikelo ya amayi oyembekezera, ku kiliniki ya matenda a shuga ndi othamanga magazi, ndiponso kwa aliyense wodandaula za dzino. Woyankha kuti inde auzidwe kuyasamula, amuunike m'kamwa ndi tochi, ndipo tsiku limene wasankha kuleka lilembedwe m'buku lake la kuchipatala kuti pa ulendo wotsatira adzafunsidwe mmene zayendera.